Matope pa Nkhope ya Mfumu

Mu ufumu wa Tavomera, dziko limene munthu akafunsidwa funso amayamba wayang'ana kumene chaloza chibwano cha mfumu asanayankhe, munali timu ya mpira wamiyendo yotchedwa Njati za Mfumu. Sinali timu yamasewera ayi. Zaka zitatu zotsatizana inafika m'ndime yomaliza ya Chikho cha Maufumu, ndipo zaka zitatu zotsatizana inabwerako chimanjamanja, chikho chitapita kwa anansi a ku Kutsidya. Nthawi zonse inkagonja ndi chigoli chimodzi chokha. Anthu a ku Tavomera ankati fungo la chikhocho amalidziwa bwino, koma kukoma kwake amangomva kwa anzawo.

Nkhani yonse yagona pa majezi a timuyi. Anali oyera mbee, ndipo pachifuwa pa jezi iliyonse panali nkhope ya Mfumu Ndilipano Yachitatu, yaikulu ngati mbale, ikumwetulira. Nkhope imeneyi ku Tavomera inali paliponse: pa zitenje, pa makalendala, pa makope a ana asukulu, ngakhale pa zivindikiro za ndowa. Palibe amene anaganizapo kuti kalendala imakhala phee pakhoma, pamene wosewera mpira amagwa.

Munthu amene ankawadziwa majeziwo kuposa wina aliyense anali Nangozo, mayi wochapa zovala za timu. Anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pa mpopi wodontha umene unali kuseri kwa waya, kumbuyo kwa golo lakumpoto. Malamulo a mpira sankawadziwa, ndipo ukamufunsa za ofusayidi ankangokuyang'ana. Masewero enieniwo sankawaonera, ankati mtima wake ndi waung'ono. Koma ukamupatsa dengu la majezi Lolemba m'mawa, ankakufotokozera zonse za Loweruka ngati iye ndiye anali woyimbira. Uyu anathamanga, taonani thukuta lafika m'chiuno. Uyu anakokedwa kawiri, kolala yatambasuka. Uyu anangopita kukawothera dzuwa.

Wowothera dzuwayo anali Maliseni, wovala nambala naini, mphwawo wa a Gwadani, Nduna ya Masewero ndi Ulemu wa Mfumu. Jezi yake inkabwera ikununkhira perefyumu, mizere ya simbi isanafufutike n'komwe. Nangozo ankangoinyika m'madzi kamodzi kuti isachite manyazi pakati pa zinzake. Palibe amene ankanenapo kanthu, paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Jezi imene inkamuthyola msana inali nambala wani, ya goloboyi Lufeyo, mzime wake. Mnyamatayu ankadziponya pansi ngati alibe mafupa. Jezi yake inkafuna kuviikidwa tsiku lathunthu, kufikisidwa, kutsukuluzidwa, n'kuyambiranso. Nangozo ankadandaula mokweza kuti odutsa amve, koma mumtima ankanyada kwambiri. Ndipo sikunali kunyada kwa mayi chabe. Aliyense ku Tavomera ankadziwa kuti pakanapanda Lufeyo, Njati sizikanagonja ndi chigoli chimodzi, zikanagonja ndi zisanu ndi ziwiri.

Mpikisano wa chaka chachitatucho utatha, mvula itagwa kale ndipo osewera ali patchuthi, nyuzipepala ya ku Kutsidya inasindikiza chithunzi cha m'ndime yomaliza ija. Lufeyo anali akudzuka pansi, mpira uli m'manja, ndipo pachifuwa pake nkhope ya mfumu inali itamatidwa matope mpaka kungotsala khutu limodzi. Munthu wina wokonda mfumu kwambiri anaonetsetsa kuti chithunzicho chafika kunyumba yachifumu pamodzi ndi tiyi wam'mawa. Mfumu inachiyang'ana, n'kungoti, "Hmm." Ku Tavomera kamawu kameneka kamakwana kukhazikitsira bungwe.

Linakhazikitsidwadi tsiku lomwelo, ndipo analitcha Bungwe Lofufuza Chifukwa Chimene Sitinapambane Pamene Tinali Oyenera Kupambana. Wapampando anali a Gwadani. Ntchito yake inali kusankha osewera amene atsale m'timu chaka chamawa ndi amene aone msana wa njira. Kochi wa timu, a Bizwiki, munthu wowonda ndi wofatsa, anabwera ndi kope lake la chikuto chothetheka mmene ankalembamo zonse zochitika m'bwalo.

"Olemekezeka, vuto lathu lili kutsogolo," anatero a Bizwiki. "Kumbuyo tili bwino. Goloboyi wathu wapherera mipira zana limodzi ndi khumi ndi inayi chaka chino. Koma nambala naini wathu wasewera masewero makumi awiri osagoletsa. Mpira waukhudza kakhumi, kuwerengera ndi pamene unamugunda iye akuyang'ana kwina."

"Kochi, manambala alibe ulemu," anayankha a Gwadani. "Nambala sidziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mwati mipira zana limodzi ndi khumi ndi inayi? Ndiye kuti mfumu yathu yagwa chafufumimba m'matope maulendo onsewo, inu muli pambali kuwomba m'manja. Timu yogwetsa mfumu yake Loweruka lililonse ingatenge bwanji chikho? Chimene bungweli likufuna kudziwa n'chimodzi basi: ndani amadetsa nkhope ya mfumu, ndipo ndani amaisunga."

Mitu yonse ya m'bungwe inagwedera limodzi. A Bizwiki anatseka kope lawo pang'onopang'ono, chifukwa anali ndi ana kusukulu. Koma panabuka vuto. Zithunzi zinali zochepa, ndipo m'kope la kochi munalibe tsamba la matope. Apa mlembi wa bungwe anakumbukira kuti kuseri kwa bwalo kuli mayi wina amene amaona majezi onse Lolemba lililonse.

Kalata yachidindo itamupeza, Nangozo sanathe ngakhale kumaliza kuyanika. Anathamangira kumsika wa Pansipansi, umene unatchedwa choncho chifukwa cha mmene anthu ake amayankhulira, kukamuonetsa mnzake Felesiya, wogulitsa sopo.

"Andikumbukira, asisi," anatero. "Akuti ndikawauze za anyamata. Ndikuona ngati akufuna kupereka mphoto kwa olimbikira."

Felesiya anaitembenuza kalatayo kawiri. "Boma likakuitana kuti ukaliuze zoona, uzipita nazo zochepa," anatero. "Zina uzisiye kunyumba."

Nangozo anangoseka. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku litakwana anavala chitenje chake chatsopano, n'kukagwada pakapeti wofiira pamaso pa bungwe. A Gwadani anamuyankhula ndi mawu ozuna ngati uchi.

"Mayi, tamva kuti anyamatawa mumawadziwa kuposa kochi. Tatiuzani mosaopa, ndi jezi ya ndani imene imakuvutitsani kwambiri?"

"Ndi ya wanga yemwe, bwana nduna," anayankha Nangozo, chifuwa chili patsogolo. "Sindikunena chifukwa ndinamubereka ine ayi. Mufunse aliyense. Jezi ya Lufeyo ikabwera simungadziwe kuti inali yoyera."

"Nanga nkhope ya mfumu imaoneka?"

"Ionekere pati, bwana? Ndimachita kuifukula ngati chinangwa."

A Bizwiki, amene anakhala kumapeto kwa tebulo, anayamba kutsokomola mwamphamvu, maso ali pa Nangozo. Iye anawacheukira mwachifundo n'kuwauza kuti akatafune jinja, nyengo ino chifuwa chavuta. Kenako anapitiriza. Anatchula nambala faifi, wotseka kumbuyo amene ankaseleleka ndi mimba. Anatchula nambala sikisi, amene ankalandira mpira pachifuwa mpaka mphuno ya mfumu inayamba kusuluka. Anatchula ena atatu, aliyense ndi matope ake, ndipo cholembera cha mlembi chinkathamanga.

"Nanga amene jezi yake imabwera yoyera?" anafunsa a Gwadani.

Nangozo anazengereza, podziwa chibale chimene chinalipo. Koma anali atayamba kale kunena zoona, ndipo zoona zikayamba kutuluka zimavuta kuzitsekera. "Nambala naini, bwana. Pepani. Ameneyo sopo wake ndimasungira anzake."

Anayembekezera kukalipiridwa, koma nduna ija inamwetulira mpaka mano am'mbali kuoneka. Inamuthokoza m'dzina la mfumu, n'kulamula kuti amupatse botolo la zoziziritsa kukhosi. Nangozo anabwerera kwawo akuyimba.

Patapita masiku atatu, galimoto ya chimkuzamawu inaima pakati pa msika wa Pansipansi. Nangozo anali pa benchi la Felesiya pamene wolengeza anayamba kuwerenga. Anati malinga ndi umboni wa katswiri wa boma, mayi Nangozo, osewera asanu ndi mmodzi achotsedwa m'timu chifukwa chogwetsa mfumu mobwerezabwereza, ndipo woyamba pa onse ndi Lufeyo. Anati Maliseni, amene sanadetsepo mfumu chaka chonse, ndiye Wosewera Wapamwamba ndiponso kaputeni watsopano. Anati kuyambira lero n'koletsedwa kwa wosewera wa Njati kugwa, kuseleleka, kapena kulola mpira kukhudza pachifuwa.

Galimoto inachoka. Kenako wogulitsa nyama anapukuta mpeni wake n'kunena chapansipansi kuti, "Chaka chino ndiye chikho n'chathu. Cha ukhondo."

"Nanga ife amene timaikhalira nkhope yomweyo pa zitenjezi?" anafunsa mayi wina wa tomato.

"Khalani chete inu," anatero Felesiya. "Akakumvani atiletsa kukhala pansi."

Nangozo sanaseke nawo. Ankaona ngati msika wonse ukumuloza chala. Anachita manyazi, anadzida, ndipo anakumbukira chifuwa cha a Bizwiki mochedwa. Akale amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma apa wodya anali mayi, wopotedwa n'kukhala mwana.

Anamupeza Lufeyo pakhonde akusoka magolovesi ake. Mnyamatayu anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chiyambire kugwira mpira wamapepala ali wamng'ono sanaphunzirepo ntchito ina. Sanakalipe, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupweteka Nangozo koposa.

"Simuname, amayi," anatero osadzutsa mutu. "Kungoti choonacho munakachitula pakhomo polakwika."

"Ndikakubwezera malo ako, mwana wanga. Ndinawononga ndine, ndikonzanso ndine."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nangozo anakagwada kunja kwa ofesi ya a Gwadani masiku anayi. Tsiku loyamba anamuuza kuti nduna ili pamsonkhano. Lachiwiri anati yapita kukatsegulira msonkhano wina. Lachitatu anati ikupuma chifukwa cha misonkhano. Lachinayi inatuluka yokha n'kumupeza atagwada pakhomo, ndipo panalibe podutsa.

Kunena zoona, si maondo a Nangozo okha amene anafewetsa mtima wa nduna. Bungwe linali litayesa kale magoloboyi atatu a mabanja olemekezeka. Woyamba ankatseka maso mpira ukamabwera. Wachiwiri ankafuna mpando. Wachitatu anali wolimba mtima ndithu, koma anafunsa kuti golo lake ndi liti mwa awiriwo. Tsono kaundula wa osewera ankatsekedwa pakatha milungu iwiri, ndipo tsiku lotsekalo lisanafike kunali masewero oyesera ndi timu ya ku Kutsidya, mfumu yomwe ikudzaonera.

"Mayi, mfumu yathu ndi yachifundo," anatero a Gwadani. "Mwana wanu adzaime pagolo tsiku limenelo. Koma alumbire kuti sadzagwa. Akadzatuluka m'bwalo jezi ili yoyera ngati mmene analowera, dzina lake lilowa m'kaundula. Kadontho kamodzi ka matope, musadzabwerenso pano."

Nangozo anafika kunyumba akupuma mothamanga ndi uthengawo. Lufeyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amayi, goloboyi wosagwa ndi nsanamira yachitatu," anatero.

"Ukhale nsanamira tsiku limodzi lokha. Dzina likalowa, zinazo tidzaona."

Lufeyo anayang'ana maondo a mayi ake, amene anali atatupa ndi simenti ya ku ofesi. M'mawa mwake anapita kukalumbira, dzanja lamanja lili m'mwamba, lamanzere litaphimba chithunzi cha mfumu kuti chisagwerepo fumbi.

Milungu iwiri imeneyo Nangozo anaona zodabwitsa ali pa mpopi wake. Osewera atsopano ankathamanga dzanja limodzi lili pachifuwa. Akafika pa chithaphwi ankachilambalala, mpira n'kumawadikira kutsidya. Mpira ukabwera m'mwamba onse ankautembenukira msana nthawi imodzi. Pachipata panaima woyendera wa boma ndi mpango woyera, amene ankapukuta wosewera aliyense potuluka n'kuyang'anitsitsa mpangowo padzuwa. A Bizwiki, amene anaphunzitsa mpira zaka makumi atatu, tsopano ankaphunzitsa phunziro lotchedwa kuthamanga mwaulemu. Ndipo pagolo panali Lufeyo, chilili, akugwira ya m'mwamba, ya pansi n'kumangoiperekeza ndi maso. Madzulo ankabwera kunyumba osatopa, ndipo chakudya ankangochitosatosa.

Tsiku la masewero kunagwa mvula m'mawa wonse, n'kudzakata masana. Bwalo linadzaza. Kutsogolo kwa magolo onse awiri kunali matope okhaokha, oti ukhoza kuumbira njerwa. Mfumu inakhala pansanja yake pansi pa ambulera yaikulu, a Gwadani ali kudzanja lake lamanja. Nangozo, kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anaima pa waya kuti aonere.

Anyamata a ku Kutsidya sanachedwe kuzindikira mmene zinthu zinalili. Pa mphindi yakhumi wina anangoukankha mpira pansi, wosathamanga n'komwe. Unadutsa mikono iwiri kuchokera pa phazi la Lufeyo. Iye anatambasula mwendo mpaka pamene ukanafika, thupi lonse likufuna kugwa, koma anakumbukira lumbiro. Mpira unalowa m'ukonde mwakachetechete. Bwalo lonse linabuula, ndipo a Gwadani anawomba m'manja poyamikira kudzigwira kwa goloboyi.

Njati zinabweza chigolicho m'chigawo chachiwiri, ngakhale kuti sizinachite kuvutikira. Wotseka kumbuyo wa ku Kutsidya anaona Maliseni akuimitsa liwiro kuti azungulire chithaphwi, ndipo kuseka kunamugwira mpaka anadzichinya yekha. Chimkuzamawu chinalengeza kuti wagoletsa ndi Maliseni, chifukwa ndiye anali pafupi.

Zinali choncho, chimodzi kwa chimodzi, mpaka mphindi yomaliza. Apa Lufeyo anali pagolo lakumpoto, msana wake uli mikono yochepa kuchokera pamene panaima mayi ake. Jezi yake inali yoyera ngati mmene Nangozo anaisitira. Kutangotsala pang'ono kuti zonse zithe bwino, wotseka kumbuyo wina wa Njati anaona mpira ukulunjika pachifuwa pake, ndipo monga nzika yabwino anautchinga ndi manja onse awiri. Woyimbira analoza penate.

Nangozo anadziwa kuti chatsala n'chaching'ono. Mwana wake angoima, mpira ulowe, wezulo ilire, dzina lilowe m'kaundula. Ndi zimene anagwadira masiku anayi. Koma ali pomwepo ankaona msana wa Lufeyo, mapewa atagwa ngati a munthu wopita kumaliro. Anakumbukira mmene jezi ija inkalemerera Lolemba, ndi mmene mnyamatayu ankalowera m'nyumba akutsimphina koma akuseka. Anazindikira kuti malo amene anamupemphera aja sanali a Lufeyo, anali a nsanamira. Womenya penate anabwerera m'mbuyo, bwalo lonse linakhala chete, ndipo m'chetemo munamveka mawu a mayi mmodzi kuseri kwa waya.

"Igwa, mwana wanga! Ndichapa ine!"

Mpira unapita pansi, kudzanja lamanzere. Lufeyo anauluka. Unamumenya pachifuwa penipeni, iye n'kuukumbatira, n'kugwa nawo chafufumimba m'matope aja mpaka madzi anathovukira pa waya. Atadzuka, pa jezi panalibe ngakhale khutu.

Palibe anayerekeza kukuwa. Maso a anthu zikwi makumi awiri anatembenukira kunsanja kukafuna chibwano cha mfumu. A Gwadani anali ataimirira kale, chala chili m'mwamba kuti aitane asilikali. Koma pansi pa chisoti chachifumu pamakhalanso munthu, ndipo munthuyo anali wokonda mpira. Mfumu inalumpha pampando, chisoti n'kugwa, ikufuula kuti, "Wagwira!"

Nduna yabwino sichedwa kukhota. Chala chija chisanatsike, a Gwadani anachitembenuzira kwa mfumu. "Mwagwira ndinu, Mfumu yathu," anatero mokweza kuti chimkuzamawu chitole. "Tonse taona. Mpira wamenya pamphumi panu penipeni, n'kuima."

"Ine?" inafunsa mfumu.

"Inuyo. Mnyamatayo anangokunyamulani."

Mfumu inaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Hmm," koma ulendo uno ikumwetulira. Pamenepo bwalo linaphulika. Anthu anakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo aliyense ankadziwa mumtima mwake amene akumukuwira. Asilikali anathamangira m'bwalo, osati kukamanga Lufeyo, koma kukamuvula jezi. Anainyamula anthu anayi pa thireyi, matope akudontha. Lufeyo anatsala pagolo chifuwa chili pamtunda. Anacheukira ku waya, n'kumwetulira koyamba m'mwezi wathunthu.

"Ndinakumvani, amayi," anatero.

Lolemba galimoto ya chimkuzamawu inabweranso ku Pansipansi kudzawerenga kaundula. Nambala wani anali Mfumu Ndilipano Yachitatu. Wolengeza anafotokoza kuti jezi yodabwitsa ija izipachikidwa pa chingwe pakati pa golo tsiku lililonse la masewero, ndipo masiku ena izisungidwa m'bokosi lagalasi pakhonde la nyumba yachifumu. N'koletsedwa kuichapa, chifukwa matopewo tsopano ndi chuma cha dziko. Za Lufeyo anati anaphwanya lumbiro, koma mfumu mwa chifundo chake yamukhululukira ndipo samangidwa. Malo okha ndiwo palibe, popeza atambala awiri salira m'khola limodzi.

"Tsono a Kutsidya akadzagoletsa, wochinyitsa adzakhala ndani?" anafunsa mayi wa tomato uja.

"Mphepo," anayankha wogulitsa nyama. "Ikonzekere, ikhala ndi mlandu chaka chonse."

Kochi wa ku Kutsidya analibe bungwe lomuthandiza kuganiza, choncho anangokhulupirira zimene anaona ndi maso. Sabata isanathe anatuma munthu kwa Lufeyo kuti akamupatse malo m'timu yake. Lachisanu m'mawa mnyamatayu analongedza magolovesi ake m'kachikwama, ndipo Nangozo anamuperekeza pokwerera basi. Ankafuna kumuuza kuti asapite, koma analibe choti amupatse m'malo mwake.

"Majezi akumeneko ndi otani?" anafunsa, pofuna kungonena kanthu.

"Obiriwira, amayi. Opanda nkhope."

"Azikakuchapira ndani?"

Lufeyo anayang'ana pansi. "Akuti kuli makina."

Basi itapita, Nangozo anabwerera ku mpopi wake. Dengu linali litabwera ndi majezi khumi a ku maphunziro a kuthamanga mwaulemu, onse onunkhira sopo wa sabata yatha. Anawanyika kamodzi, anawayanika, ntchito n'kutha dzuwa lisanatenthe. Beseni lalikulu lija, limene ankaviikamo nambala wani, linali pambali ndi madzi ake amene anatunga Loweruka madzulo. Mtima unamuwawa kwambiri. Anali atalonjeza pamaso pa bwalo lonse, ndipo Nangozo sanali munthu wosiya chochapa.

Anatenga sopo wake n'kuyenda mpaka kunyumba yachifumu. Pakhonde panali mzere wautali wa ana asukulu ndi akuluakulu a m'maofesi amene anabweretsedwa pa malole kudzaona chodabwitsa. Anaima nawo mpaka nthawi yake inakwana. Jezi inali m'bokosi, chitseko chagalasi chili chotsegula kuti anthu amve fungo la chipambano. Pansi pake panali chikwangwani chamkuwa chonena za penate imene mfumu inagwira. Dzina la Lufeyo panalibe. Koma Nangozo anaona pakhwapa pamene anasoka yekha ndi ulusi wosiyana mtundu, ndipo anaona kuti matope ayamba kuuma ndi kung'aluka. Akakhalitsa choncho sadzachokanso. Dzanja lake linatambasuka lokha.

Msilikali wa pakhomo analigwira m'mwamba lisanafike. Anali mnyamata waulemu, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

"Musagwire, mayi. Mungaidetse."

Nangozo anayang'ana manja ake, oyezuka ndi ong'aluka ndi sopo wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anawabisa m'chitenje, n'kusendera kumbali kuti wapambuyo pake aone.